KAKAMERA KOCHIPA, MBONI YA BANJA

Mu komboni ya Katondo mumzinda wa Kabwe, monganso m'midzi ya ku Katete, Petauke ndi Chadiza, muli bvuto limodzi limene limaonekera pa tsiku la maliro. Munthu wamkulu akatsikira kuli cete, abale amayamba kufuna-funa cithunzi cake coti aike pa bokosi kapena pa pepala la mwambo wa maliro. Amatsegula masutikesi, nayang'ana m'mabuku a nyimbo ndi pansi pa zobvala, koma kawiri-kawiri cimene cimapezeka ndi kacithunzi ka pa khadi la boma lija anthu amalicha reji, kamene kanajambulidwa malemuyo akali wacinyamata. Motero nkhalamba ya imvi, yosiya zidzukulu zambiri, imaperekezedwa ndi nkhope imene palibe mdzukulu ndi mmodzi yemwe anaionapo.

Codabwitsa ndi cakuti makamera sanacurukepo monga acurukira masiku ano. Foni zambiri za m'manja ziri ndi kamera, ndipo timakamera tating'ono tolowa m'thumba la malaya timapezeka m'masitolo ndi kwa ogulitsa katundu wogwirapo kale nchito. Anthu amajambula, kapena kuti kukopa monga amanenera a m'tauni, tsiku ndi tsiku. Koma zithunzi zambiri zimatuluka za mbuu, nkhope ziri bii, mitu yodulidwa, ndipo zocepa zimene zatuluka bwino zimataika pamodzi ndi foni. Eni ake amadandaula kuti kamera yao ndi yochipa. Kunena zoona, zinthu zinai zimene zimapanga cithunzi cabwino sizigulidwa m'sitolo. Zinthuzo ndi kudziwa kumene kuwala kukucokera, kudekha kwa manja, kusendera pafupi, ndi kusunga bwino cimene cajambulidwa.

MZINDA WODZIWA KUTAIKA KWA ZINTHU

Kabwe, likulu la cigawo ca Pakati, ali pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Miyala ya mtovu ndi zinki inadziwika kwa azungu mu 1902, pamene T. G. Davey anafika pamalopo nawacha Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu a mitundu yosiyana-siyana, pamodzi ndi Acewa, Angoni ndi Ansenga a kum'mawa, anabwera kudzafuna nchito ya mgodi ndi ya sitima. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Broken Hill linacotsedwa, mzindawo nuchedwa Kabwe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri nabalalika, ena kubwerera kumudzi, ena kunka ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Mwana wobadwa lero ku Katondo sangaone agogo ace atabvala cisoti ca mgodi, pokhapokha ngati wina anawajambula nasunga cithunzico.

Mbiri ya mzindawu iri ndi phunziro linanso. Mu 1921, m'phanga la mumgodimo munapezeka cibade ca munthu wakale-kale, cimene lero ciri ku Natural History Museum mu London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Mzungu wa ku Switzerland amene anacipeza, Tom Zwiglaar, amadziwika dzina lace, ndipo anajambulidwa ali ndi cibadeco. Dzina la mwana wa mu Afirika amene anali kukumba naye tsiku limenelo silinalembedwe. Phangalo nalo linatha ndi kukumba. Amene anajambulidwa ndi kulembedwa dzina akukumbukika patapita zaka zoposa 100, mnzaceyo anaiwalika. Zotere zimacitikanso m'banja liri lonse limene silisamala zithunzi zace.

KAMERA YA ANTHU WAMBA

Kamera yochipa iri ndi mbiri yolemekezeka. Mu 1900 kampani ya Kodak ya ku America, imene anaiyambitsa George Eastman, inatulutsa kabokosi kochedwa Brownie, kamene kanali kugulidwa ndi dola imodzi yokha. Mu 1963 kunabwera Instamatic, imene filimu yace inali m'kacikwama kongoponya m'kati, kotero kuti ngakhale mwana anatha kuiika. Kamera ya Konica C35 AF ya mu 1977 inali yoyamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri iri yodziyesera yokha kutalika kwa cinthu cojambulidwa. Kamera yosafuna filimu anayamba kuipanga ndi Steven Sasson wa ku Kodak mu 1975. Inali yolemera makilogalamu oposa atatu, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge cithunzi cimodzi cosaoneka bwino. Kakamera kali konse kogulitsidwa pa msika lero kamaiposa kutali-tali.

Akatswiri ena ochuka a mu Afirika anayambira pa tizipangizo totere. Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali analandira Brownie kwa amalume ace mu 1935, natsegula situdiyo yace mu 1948. Anali kujambula anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, atapacika nsaru ya pa kama wace kumbuyo kwao. Malick Sidibé, wa ku Mali komweko, anagula Brownie yace yoyamba mu 1956, ndipo mu 2007 analandira mphoto yaikuru ya Golden Lion mumzinda wa Venice ku Italy. M'dziko muno a Alick Phiri, amene anatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama mu Lusaka, anajambula anthu wamba a mumzindamo kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi zao zaonetsedwa poyera monga cuma ca dziko. Anthu onsewa anapambana cifukwa ca maso ao ndi kuleza mtima kwao.

POGULA KAMERA

Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kugula kamera yogwirapo kale nchito ayenera kuiyesa pamaso pa wogulitsa. Aiyatse, aone ngati diso lace likuturuka ndi kubwerera popanda kukakamira, ajambule cipupa coyera ndi kuona ngati pacithunzipo pali madontho akuda. Atsegule m'malo mwa mabatire, pakuti ngati muli ufa woyera kapena wobiriwira, ndiye kuti mabatire anaphulikiramo.

Afunsenso za batire ndi za khadi losungira zithunzi. Makamera ena amalandira mabatire a AA opezeka m'sitolo iri yonse, koma mabatire ofooka a mu wailesi samakhalitsa m'kamera, ofunika ndi aja a alkaline kapena ochaja. Ena ali ndi batire lao-lao, ndipo kamera yotere yopanda cochajira cace ndi katundu wacabe. Kunena za makadi, mtundu wa SD ndiwo wopezeka ponse-ponse. Makamera akale a Olympus ndi Fujifilm amafuna khadi la xD, ndipo ena a Sony amafuna Memory Stick, makadi amene ndi obvuta kupeza tsopano. Makamera ambiri opangidwa caka ca 2006 cisanafike samalandira khadi loposa magigabaiti awiri. Kamera ya filimu iri ndi bvuto lina, pakuti filimu inasowa ndi kukwera mtengo, ndipo malo otsukira anacepa kwambiri.

Ogulitsa amakonda kuchula kucuruka kwa mamegapikiselo, ndiwo mamiliyoni a timadontho topanga cithunzi. Wogula asanyengeke nazo. Cithunzi ca masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, cimene mabanja ambiri amaika mu alubamu, cimakwanira ndi timadontho mamiliyoni awiri okha, ndipo kamera yochipa ya masiku ano iri nato toposa apo.

KUWALA NDIKO MWINI NCHITO

Kamera imalemba ndi kuwala monga mlembi alemba ndi inki. Cifukwa ca ici, wojambula wanzeru asanayang'ane anthu amayamba wayang'ana dzuwa. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa wojambulidwa, munthuyo amaturuka wakuda ngati citsa copserera. Likam'wala m'maso mweni-mweni, amatsinzina ndi kukwinya nkhope. Malo abwino ndi akuti dzuwa likhale ca kumbali, kuseri kwa phewa la wojambula.

Nthawi nayo iri ndi kanthu. Kabwe ali pa madigiri 14 kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko, monganso mbali yaikuru ya cigawo ca Kum'mawa, kotero kuti ca kumayambiriro kwa Novembala ndiponso m'mwezi wa Febuluwale dzuwa la masana limafika pa liwombo peni-peni. Pamenepo mithunzi imagwera m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, ndipo wobvala cisoti nkhope yace imabisika yonse. Nthawi yokoma ndi m'mawa kufikira 9 koloko, ndi madzulo kuyambira 4 koloko dzuwa lisanalowe. Kuwala kwa nthawi imeneyi kumabwera mopendekeka, ndipo khungu limaoneka losalala ndi lamoyo. Tsiku la mitambo, limene ambiri amaliyesa loipa, ndi labwino koposa pojambula nkhope, pakuti mitambo imasefa dzuwa monga sefa isefa ufa.

Ukwati ndi ubatizo sizidikira madzulo, ndipo cikakamizo cikakhalapo cojambula masana, mankhwala ace ndi mthunzi. Anthu aimikidwe m'mphepete mwa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango wa masamba othithikana, nkhope zao zitaloza kunja kumene kuli kowala. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatali-patali, wonga msangu kapena mtengo woyoyoka m'cirimwe, umaika mawanga pankhope ngati nkhanga, ndipo uyenera kupewedwa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadzera kumpoto, motero mbali ya nyumba yoloza kumwera imakhala ndi mthunzi wabwino tsiku lonse.

CIFUKWA CACE NKHOPE ZIMADA

Dandaulo lomveka kwambiri ndi lakuti munthu waturuka wakuda koposa m'mene aliri, mano ndi maso okha ndiwo akuoneka. Cifukwa cace ndi ici. Kamera yodziyendetsa yokha imayesa kuwala kwa malo onse amene ikuona, niyesetsa kuti cithunzi cikhale ca pakati-kati. Ikaona cipupa copaka laimu, malata onyezimira, thambo lowala kapena diresi loyera la mkwatibwi, imaganiza kuti kuwala kwacuruka, nicepetsa. Cipupaco cimaturuka bwino, koma nkhope ya munthu imamira mumdima.

Bvutoli ndi lakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, otsuka zithunzi za mitundu anali kulinganiza makina ao ndi khadi la Kodak lokhala ndi cithunzi ca mkazi wacizungu, lochedwa Shirley. Khadi loonetsa akazi a khungu losiyana-siyana linadzaturuka m'zaka za m'ma 1990. Makamera a tsopano anasintha ndithu, komabe wojambula ayenera kuwathandiza.

Njira ziripo zinai. Yoyamba ndi kusamutsa munthu kucoka pa cipupa coyera, ndi kumuimika patsogolo pa mpanda wa udzu, cipupa ca njerwa zooca kapena masamba obiriwira. Yaciwiri ndi kusendera pafupi kuti nkhope idzaze malo akuru, kamera niyese kuwala kwa pa nkhopepo. Yacitatu ndi kugwiritsa nchito batani lokhala ndi cizindikiro ca kuonkhetsa ndi kucotsera, limene makamera ambiri ali nalo: kulisuntha kufika pa +1 kumawalitsa cithunzi kawiri. Yacinai ndi kubweza kuwala. Mwana akagwira nsaru yoyera, kapena thumba loyera la unga, pafupi ndi wojambulidwa ca kunsi kwa nkhope, kuwala kumadumphira m'maso ndi pansi pa cibwano, ndipo kusiyana kwace kumaoneka pomwepo.

KUONA MASO A NKHONO N'KUDEKHA

Cithunzi ca mbuu kawiri-kawiri cimabwera cifukwa ca manja onjenjemera. M'kati mwa kamera muli kacitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe. Padzuwa kamatseguka kanthawi kocepetsetsa, mwina gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. M'nyumba kapena m'chalichi mumene muli mdima, kamakhala kotseguka nthawi yotalikirapo, mwina gawo limodzi mwa magawo 15, ndipo dzanja likagwedezeka pang'ono pokha zonse zimapakana ngati inki yogwera madzi.

Wojambula agwire kamera ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, miyendo itatangadza pang'ono. Apume, agwire mpweya, ndipo adinikize batani mofatsa monga munthu woyesa kupsa kwa papaya, osalibaya ai. Kukakhala mdima, atsamire cipupa kapena mtengo, kapena aike kamera pa mpando, pa njerwa kapena pa mtondo wobvundikira. Makamera ambiri ali ndi kawochi kodikira masekondi 2 kapena 10 asanajambule. Kameneka kamathandiza kuti kamera ijambule dzanja litacokapo, ndiponso kamapatsa mwai wojambula kuti athamange ndi kukaima pamodzi ndi banja lace. M'mabanja ambiri munthu amene alibe cithunzi ndi mwini kamera yemwe.

Batani la kamera liri ndi masitepe awiri, ndipo ambiri sacidziwa ici. Likadinikizidwa theka, kamera imayesa kutalika kwa munthu ndi kukonza diso lace, ndipo imalira kapena kuonetsa kabokosi kobiriwira. Pamenepo ndi pamene liyenera kudinikizidwa lonse. Wojambula anthu awiri oima motalikirana aloze kamera pa nkhope ya mmodzi, adinikize theka, ndipo cala ciri cigwirire abwezere kamera pakati. Akapanda kutero, kamera imasankha mtengo wa kumbuyo umene ukuoneka pakati pao, anthuwo naturuka osaoneka bwino. Pa foni, cofanana naco ndi kukhudza nkhope ya munthu pa galasi asanajambule.

KUSENDERA PAFUPI

Colakwa cofala ndi kuima patali. Wojambula amafuna kuti nyumba, nkhokwe, njinga ndi mbuzi zonse zilowe, ndipo agogo amaturuka ang'ono ngati nyerere pakati pa bwalo. Zaka zikapita, adzukulu adzafuna kuona maso, mphini za pa masaya ndi kamwetulidwe. Cithunzi ca munthu mmodzi cijambulidwe pa mtunda wa masitepe awiri kapena atatu, kuyambira m'ciuno kunka kumutu. Nyumba ndi ziweto zijambulidwe pa zokha. Koma kufika pafupi kopitirira, kamera iri pamphuno, kumakulitsa mphuno ndi cipumi, motero ndi bwino kuima masitepe awiri ndi kukoka pang'ono ndi zumu.

Zumu iri mitundu iwiri. Pali ya magalasi, imene diso la kamera limatalika ndi kuyandikitsa cinthu moona. Pali inanso imene imangodula pakati pa cithunzi ndi kukulitsa timadontho, ndipo imeneyi imaononga. Foni zochipa zambiri ziri ndi yaciwiriyi yokha. Miyendo ya wojambula ndiyo zumu yosalephera.

Asanadinikize batani, wojambula ayendetse maso m'ngondya zonse zinai. Mtengo wa magetsi usaoneke ngati wamera pamutu pa mkwati, ndipo cimbudzi, dzala kapena zobvala zoyanika zisalowerere. Citenje copacikidwa pa cingwe, monga anali kucitira Seydou Keïta, cimasandutsa bwalo liri lonse kukhala situdiyo. Kamera ikhale yolingana ndi maso a wojambulidwa. Pojambula mwana kapena nkhalamba yokhala pa mphasa, wojambula agwade kapena anjute, pakuti kujambula kucokera pamwamba kumam'cepsa munthu.

Pojambula gulu, atali aime kumbuyo, akuru-akuru akhale pa mipando, ana akhale patsogolo. Lamulo lace ndi lapafupi: amene sakuona kamera ndi maso onse awiri, kamera nayonso siikumuona. Kale filimu inali ndi malo 12, 24 kapena 36 okha, ndipo munthu anali kuumira. Lero kujambula katatu kapena kanai sikudya ndalama, ndipo n'kofunika cifukwa pagulu sipalephera wophethira. Ndiponso si zithunzi zoimirira ciriri zokha zimene ziri ndi phindu. Amai akusinja, atate akusoka mphasa, ana akucokera ku sukulu, ogulitsa pa msika wa m'komboni, izi ndizo zidzauza adzukulu m'mene makolo ao anakhalira.

FULASHI NDI MALIRE ACE

Kanyale kong'anima ka pa kamera, kochedwa fulashi, kali ndi mphamvu yofika mamita atatu kapena anai basi. Kuwala kwace kumatha msanga: munthu woima kawiri kutalika kwa mnzace amalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anai a kuwalako. Ndico cifukwa cace pa phwando la usiku oima patsogolo amayera mbee, a kumbuyo namira mumdima. Onse aime pa mzere umodzi, motalikirana mofanana ndi kamera. Kuwalitsa fulashi pa bwalo la mpira kapena pa gule wobvinidwa patali ndi kungotha batire.

Maso ofiira ngati a fisi amabwera pamene kuwala kwa fulashi kwalowa m'diso ndi kubwerera kucokera ku mitsempha ya magazi ya m'kati. Kuyatsa nyale zonse za m'nyumba kumacepetsa bvutoli. Pamalo pa fumbi, fulashi imawalitsa fumbilo ndi kudzaza cithunzi ndi timipira toyera. Nchito yabwino ya fulashi, imene ambiri saiganizira, ndi ya masana: munthu akaima pakhomo kapena atabvala cisoti padzuwa, kuyatsa fulashi kumacotsa mdima wa pankhope.

FUMBI NDI MVULA

Adani a kamera ndi fumbi la cirimwe ndi cinyezi ca dzinja. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, mphepo ya ku Kabwe imanyamula fumbi lambiri, ndipo kamcenga kamodzi kakalowa m'diso loturuka la kamera, disolo limakakamira. Kamera ikhale m'kathumba kace nthawi zonse pamene siikugwira nchito. Galasi lace liyambe lauziridwa kuti mcenga ucoke, kenaka lipukutidwe ndi kansaru kofewa ndi koyera. Kulipukuta ndi malaya a fumbi kumalikanda. Galasi la foni limadetsedwa ndi thukuta la m'manja, ndipo kulipukuta kokha kumakonza zithunzi zambiri za mbuu. M'dzinja kamera isungidwe pouma, pakuti cinyezi cimameretsa nkhungu m'kati mwa magalasi. Ikakhala nthawi yaitali yosagwira nchito, mabatire acotsedwe.

Ku Kabwe fumbi liri ndi ngozi yoposa ya kamera. Dothi la m'makomboni oyandikana ndi mgodi wakale liri ndi mtovu, umene umaononga thanzi la ana ang'ono. Wojambula makanda asawakhazike pa dothi, ayale mphasa kapena citenje, ndipo cithunzi naco cidzakoma.

ULEMU NDI LAMULO

Safunsa anadya phula. Munthu asanajambulidwe ayenera kupemphedwa, ndipo mwana wa eni sajambulidwa popanda kubvomera kwa makolo ace. Wodwala, wogwa m'ngozi ya pa msewu ndi wolira maliro ali ndi ulemu wao, ndipo kufalitsa zithunzi zao pa Facebook kapena WhatsApp abale asanamve uthenga ndi nkhanza. Pa miyambo yonga Nc'wala ya ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, kapena Kulamba ya ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, zoonetsedwa pabwalo zimajambulidwa motsata malangizo a osunga mwambo, koma za ku dambwe ndi za m'nyumba ya cinamwali si za kamera ai.

Boma nalo liri ndi malo ace otetezedwa ndi lamulo. Ku Kabwe kuli misasa ya asilikari ya Chindwin ndi Kohima, ndiponso ndende ya Mukobeko. Kuloza kamera pa malo otere popanda cilolezo kungam'gwetse munthu m'mlandu. Wofuna cikumbutso ca mzindawu angapite pa mkuyu waukuru wa pakati pa tauni, wochedwa Big Tree, umene ndi cimodzi mwa zikumbutso zosungidwa ndi boma.

KUSUNGA NDIKO KUTSIRIZA NCHITO

Cithunzi cokhala m'foni kapena m'khadi mokha ciri ngati cimanga cosiyidwa m'munda. Foni imabedwa, imagwera m'citsime, imagulitsidwa pa nthawi ya njala, ndipo khadi limafa mosacenjeza. Zithunzi zofunika zikhale m'malo awiri, monga m'khadi laciwiri losungidwa kwa mbale wina. Potumiza pa WhatsApp, cithunzi cimacepetsedwa kuti cipite msanga, motero copita kukasindikizidwa citengedwe kucokera m'kamera kapena m'foni imene inajambula.

Koposa zonse, banja lisankhe zithunzi zocepa caka ciri conse, maka-maka pa nthawi yogulitsa mbeu pamene ndalama ziripo, ndi kukazisindikiza pa pepala ku situdiyo. Pepala silifuna batire kapena magetsi, ndipo agogo osadziwa foni angaligwire m'manja. Lisungidwe mu alubamu kapena m'citini cotseka bwino, kutali ndi ciswe, mphemvu ndi denga lodontha. Cithunzi copacikidwa pa cipupa pofika dzuwa cimasuluka, cotero cokondedwa kwambiri cisindikizidwe kawiri, cimodzi ca pa cipupa, cina ca m'citini.

Cotsiriza ndi kulemba. Kumbuyo kwa cithunzi, ca m'mphepete ndi mosadinikiza colembera, kapena pa pepala la mu alubamu, palembedwe maina onse a anthu kuyambira kumanzere, mfunda wao, malo ndi caka. Lero ali yense akuwadziwa anthuwo, koma zaka 40 zikapita wodziwa adzakhala atapita. Mabanja amene ali ndi zithunzi zakale za m'masiku a mgodi ndi njanji acite cangu kukhala pansi ndi akuru amene akali moyo, kuti awachule maina anthu a m'zithunzimo. Ndipo pakhomo pamene pali nkhalamba imene sinajambulidwepo ciyambire tsiku la reji, nchitoyi siifuna kudikira ukwati kapena Khirisimasi. Ifuna mpando umodzi, mthunzi wa khonde, ndi dzuwa la 4 koloko madzulo.